Ekizozi ya snowmobile: musinthe can, musinthe paipi, kapena muisiye momwe inabwerera?

Kuno ku Ontario, m'dziko la Canada, ikafika November magalaja a anthu amayamba kununkha utsi wa oyilo. Aliyense amakhala atavundukula snowmobile yake imene yagona miyezi yonse yotentha, ndipo nkhani imene siichedwa kubuka, kapu ya khofi ili m'manja, ndi ya ekizozi. Kwa inu amene simunaionepo, snowmobile ndi njinga yamoto yoyenda pa chipale chofewa. Kutsogolo ili ndi timiyendo tiwiri totsetsereka m'malo mwa tayala, kumbuyo ili ndi chilamba champhira cha manomano chimene chimaikankha. Injini imabisika kutsogolo m'kati mwa mapulasitiki, ndipo ekizozi yonse imapindidwira momwemo, pamalo othinana zedi.

Nditangogula yanga yoyamba, yogulidwa kwa munthu, maganizo anga anali a mnyamata wa kabaza amene amaboola sailensa ya njinga yake kuti izilira ngati mfuti, n'kumakhulupirira kuti poti ikulira kwambiri ndiye kuti ikuthamanganso kwambiri. Zinanditengera nyengo ziwiri za chisanu ndi ndalama zowawa kuti ndimvetse kuti phokoso limachokera m'chitsulo china, mphamvu m'chitsulo chinanso.

Zitsulo zitatu zimene anthu amangozitcha ekizozi

Snowmobile zambiri zothamanga zili ndi injini ya two-stroke ya masilinda awiri, monga Rotax 850 E-TEC ya mu Ski-Doo ndi Lynx, kapena 850 Patriot ya Polaris. Utsi ukatuluka m'masilinda awiriwo umakumana m'chitsulo champhanda chotchedwa Y-pipe. Kuchoka apo umalowa m'chipaipi chachimimba, chooneka ngati njoka imene yameza khoswe, chimene amachitcha tuned pipe. Pomalizira umadutsa mu sailensa, imene aliyense kuno amangoti can, n'kutulukira pansi pa bowo la m'chipulasitiki cha kumimba kwa makinawo.

Chimimba chija chili ndi ntchito yaikulu. Injini ya two-stroke ilibe mavavu ngati ya galimoto. Pisitoni ndiyo imatsegula ndi kutseka mabowo a m'silinda ikamakwera ndi kutsika. Utsi ukamatuluka, mbali yofutukuka ya paipi imauyamwa mwamphamvu moti imakokanso mpweya watsopano kuutulutsira kunja. Kenako mbali imene paipi imayamba kuning'a imabweza funde limene limakankhira mpweya watsopano uja m'silinda bowo lisanatsekeke. Zonsezi zimachitika maulendo oposa 100 pa sekondi imodzi, ndipo funde lija limangofika pa nthawi yake ngati injini ikuzungulira pa liwiro limene paipiyo inapangidwira. Kutalika kwa paipi, kukula kwa mimba yake, ngakhale kutentha kwa utsi m'katimo, zonse zimasuntha nthawi imeneyi, chifukwa funde limathamanga kwambiri mu mpweya wotentha.

Nzeru imeneyi inakulira pa njinga zamoto za mpikisano. Walter Kaaden wa kampani ya MZ ku East Germany ndiye anaipititsa patsogolo m'zaka za m'ma 1950, ndipo mu 1961 dalaivala wake Ernst Degner anathawa dzikolo n'kukalowa ku Suzuki atanyamula chinsinsicho m'mutu. Suzuki yomweyo inadzakhala ikupangira Arctic Cat mainjini a snowmobile kwa zaka zambiri.

Mukagwira mfundo imeneyi, kusankha kumaphweka. Mphamvu imapangidwa mu paipi. Can ntchito yake ndi kupha phokoso ndi kusunga kupanikizika koyenera kumapeto kwa paipiyo.

Kuisiya momwe ilili

Njira imeneyi anthu amaiderera chifukwa ilibe chokamba pagulu, komatu ndi imene imayenera anthu ambiri. Ekizozi ya ku fakitale inayesedwa pamodzi ndi kompyuta ya injiniyo ndi kilatchi yake, pozizira kwambiri ndi pofundirako, pansi ndi pamapiri. Snowmobile zatsopano zogulitsidwa ku Canada ndi ku America zimayenera kusapyola ma decibel (muyeso wa phokoso) 78 poyezera pa mtunda wa mamita 15 zili pa moto wonse, ndiye can ya ku fakitale imakhala chibokosi chachikulu cha zipinda zingapo m'kati. N'chifukwa chake imalemera. Kulemerako ndiye vuto lake lenileni, pamodzi ndi malo amene imadya. Kupatula apo wapolisi sakuimitsani chifukwa cha iyo, walanti sikhala pa mkangano, ndipo mutha kuyenda makilomita 300 pa tsiku n'kufika kunyumba makutu asakulira.

Kusintha can yokha

Apa ndiye pamene pamathera ndalama za anthu ambiri, poti ndi yotsikirapo mtengo ndiponso yoika nokha madzulo amodzi. Opanga alipo ambiri: MBRP ya ku Huntsville konkuno ku Ontario, SLP ya ku Idaho Falls, GGB, Jaws, HPS, Bikeman ndi ena. Ambiri mwa iwo amapanga mitundu iwiri kapena itatu ya can pa makina amodzimodzi. Pali ya trail, ya m'njira wamba, imene imalira mokulirapo pang'ono kuposa ya ku fakitale, ndipo pali ya race kapena mountain, ya mpikisano kapena ya kumapiri, imene ndi kachitini chabe kokhala ndi paipi ya mabowomabowo m'kati. Imeneyo ikalira imamveka kutsidya la nyanja.

Mumapindula chiyani? Kupepuka. Opanga amalengeza kuti can zawo zimachotsa makilogalamu pakati pa 4 ndi 7 malinga ndi makina ndi chitsulo chake, ndipo pamenepa samanama kwenikweni, mutha kudziyezera nokha pa sikelo ya kubafa. Za mphamvu ndiye musayembekezere zambiri. Pa injini zamakono can yokha siwonjezera chooneka, ndipo ina imachepetsa. Ikakhala yotseguka mopyola, kupanikizika kwa mu paipi kumatsika, utsi umazizira, funde lija limafika mochedwa, injini n'kulephera kufika pa rpm yake, kutanthauza maulendo amene imazungulira pa mphindi imodzi. Ikakhala yothina mopyola kutentha kumabwerera ku pisitoni. Anthu ambiri amalumbira kuti makina awo ayamba kuuluka atangoika can, koma kawirikawiri amakhala kuti anamizidwa ndi makutu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chimene sichinama ndi nambala ya rpm pa dashibodi: 850 E-TEC imapereka mphamvu yake yonse cha pa 7,900 mpaka 8,000, ndipo ngati mutaika can yatsopano ikumathera pa 7,600 pa njira yomweyo ndi chipale chofananacho, mwagula phokoso n'kugulitsa mphamvu.

Nanga makilogalamu 5 ndi kanthu pa makina olemera kuposa 200? Zimatengera kumene mumayenda. Pa njira zosalazidwa za ku Ontario simungawamve n'komwe. Koma pitani ku Revelstoke ku British Columbia, kumene anthu amakwera mapiri m'chipale chofika m'chiuno, akupendeketsa makina mbali imodzi pakati pa mitengo tsiku lonse. Kumeneko kulemera kulikonse kumene kuli kutsogolo, kumbali imodzi, kumamveka m'mapewa, ndipo makina akatitimira mumawafukula ndi fosholo n'kuwakoka ndi manja anu, mpweya uli wopereweranso chifukwa cha kutalika kwa phiri. Munthu wa kumapiri akagula can yopepuka ndimamumvetsa. Palinso kaphindu kena koseketsa: can yaing'ono imasiya malo omangirirapo kampoto kachitsulo kotchedwa Muffpot, kamene mumaikamo soseji kapena nyama m'mawa, n'kudzapeza zapsa pofika masana. Ine ndinayesapo mbatata. Inapserera mbali imodzi, koma pa kuzizira kwa madigiri 20 pansi pa ziro palibe anadandaula.

Pa chitsulo chake, ya stainless ndiyo yapakatikati: siichita dzimbiri msanga ndipo mtengo wake ndi wopiririka. Ya chitsulo wamba chopakidwa ceramic imasunga kutentha m'kati bwino, koma utoto ukangopalika dzimbiri limalowa, makamaka ngati mumanyamula makinawo pa ngolo yosavindikira m'misewu yothiridwa mchere. Ya titanium ndi yopepuka kuposa zonse, yodula kuposa zonse, ndipo ikang'aluka si wowotcherera aliyense angaigwire. Can zina zili ndi ubweya wa galasi m'kati umene umapsa ndi kutha pang'onopang'ono. Ikayamba kulira mokuwa kuposa kale, ubweyawo watha, ndipo mufunse musanagule ngati imatseguka kuti muikemo wina.

Chimene sachilemba pa bokosi

Musanatulutse khadi la kubanki, dziwani za lamulo la kumene mumayenda. Ku Ontario lamulo la Motorized Snow Vehicles Act limafuna sailensa yogwira ntchito bwino ndipo limaletsa yofukulidwa m'kati kapena paipi yongolunjika, ndipo apolisi a chigawochi, a OPP, amayenda m'njira zomwezo pa snowmobile zawo. Ku Quebec kusintha ekizozi kuti izilira kuposa ya ku fakitale n'koletsedwa. Ku Michigan, ku America, amayeza makina ali chiimire: injini pa 4,000 rpm, choyezera pa mtunda wa mamita 4, malire ma decibel 88. Musanyozere kusiyana kwa manambala ochepa. Ma decibel 10 owonjezera khutu limawamva ngati phokoso lawirikiza kawiri. Can zambiri za race zimabwera ndi mawu ang'onoang'ono akuti ndi za pa bwalo la mpikisano basi, ndiye mlandu ukabwera ndi wanu.

Chindapusa n'chaching'ono poyerekeza ndi nkhani ya malo. Bungwe la makalabu a snowmobile la OFSC limasamalira njira za makilomita pafupifupi 30,000 ku Ontario, ndipo zambiri zimadutsa m'minda ndi m'nkhalango za anthu amene amangolola mwa ufulu wawo. Mlimi amene ng'ombe zake zadzidzimutsidwa pakati pa usiku safunika kupita kukhoti. Amangotseka geti, njira n'kuduka, ndipo anthu ongodzipereka a m'kalabu amatha miyezi akufunafuna podzera pena. Ku Quebec zinafika kukhoti kumene. Mu 2004 khoti linagamula mokomera anthu okhala m'mbali mwa njira ya P'tit Train du Nord ku Laurentides, amene anadandaula za phokoso la snowmobile, ndipo chigawo cha makilomita 38 chinatsekedwa. Ndiye mukalowa pamalo opumira ndi can yokuwa n'kuona madoda a m'kalabu akukuyang'anani ndi diso lofiira, si nsanje ayi.

Kusintha paipi yeniyeniyo

Ngati chimene mukufuna ndi mphamvu, khomo lake ndi ili. Single pipe, kutanthauza paipi imodzi yolandira utsi wa masilinda onse awiri, ya kampani ngati SLP, kawirikawiri pamodzi ndi Y-pipe yake, imasintha maonekedwe a chimimba chija, ndipo pa makina oyenera imawonjezeradi ma horsepower angapo amene amaoneka pa makina oyezera. Chodabwitsa n'chakuti paipi yotere mutha kuiphatikiza ndi can yachete, n'kukhala ndi makina amphamvu osasokosa.

Koma paipi siibwera yokha, imabwera ndi abale ake. Injini ikamapuma mpweya wambiri imafunanso petulo wambiri, apo ayi imayenda yowuma, petulo atachepa poyerekeza ndi mpweya, kutentha kumakwera, moto umayamba kuphulika nthawi isanakwane, ndipo pisitoni imasungunuka m'mphepete cha kumbali ya ekizozi. Pa makina a fuel injection, amene kompyuta ndiyo imayeza petulo wolowa mu injini, ndiye kuti mufunika kusintha pulogalamu ya kompyuta kapena kuika kabokosi kowonjezera petulo ngati Power Commander ya Dynojet, pokhapokha wopanga paipiyo atanena momveka kuti pa makina anu ndi pa kutalika kwa malo anu sizifunika. Kenako kilatchi. Snowmobile ilibe magiya osintha ndi phazi. Ili ndi makilatchi awiri olumikizidwa ndi lamba, ndipo zitsulo zolemera ndi masipuling'i a m'katimo ndi zimene zimasunga injini pa rpm imodzi pamene liwiro likukwera. Paipi yatsopano ikasuntha malo amene mphamvu ili, kilatchi iyenera kutsatira, apo ayi mphamvu mwaigulayo simuipeza. Onjezani petulo wapamwamba wa octane 91 nthawi zonse, amene sapezeka pa pampu iliyonse ya kutchire. Mukawerengera zonse, mtengo wa pa bokosi la paipi umakhala chiyambi chabe.

Kumbukiraninso kuti mpweya wozizira ndi wothithikana. Makina amene akuyenda bwino pa madigiri 5 pansi pa ziro atha kuperewera petulo pa 30 pansi pa ziro. Chimodzimodzi ndi mapiri: injini yopanda turbo (chopopera mpweya wowonjezera mu injini) imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu pa mamita 300 alionse amene mwakwera, ndiye paipi ndi pulogalamu zokonzedwera kumwamba kwa phiri zingaphe injini mukatsikira nazo kuchigwa. Werengani pepala la wopanga mpaka kumapeto. Safunsa anadya phula.

Mapaipi awiri, ndi zina zongodutsapo

Twin pipes, kutanthauza paipi yakeyake pa silinda iliyonse, ndiyo imapereka mphamvu yochuluka kuposa njira zonsezi, koma pa kachigawo kochepa ka rpm, ndipo imadzaza malo onse ndi kutentha. Ndi ya anthu a mpikisano wa pa nyanja zoundana ndi okonda makina akale a kabuleta, amene sadandaula kusintha majeti, timabowo todutsa petulo, m'mawa uliwonse malinga ndi nyengo. M'zaka za m'ma 1990 makina a masilinda atatu ngati Ski-Doo Mach Z, Arctic Cat Thundercat ndi Yamaha SRX 700 ankatuluka ku fakitale ali ndi mapaipi atatu, ndipo amene anamvapo kulira kwake sakuiwala. Kwa munthu wongofuna kuyenda Loweruka, njira imeneyi ndi kudzigulira ntchito.

Injini za four-stroke, za mavavu ngati za galimoto, monga Rotax 900 ACE sizidalira funde la mu paipi mwanjira ija, ndiye sailensa ina imangosintha mawu ndi kulemera. Za turbo, monga Yamaha Sidewinder kapena Polaris Patriot Boost, ndi nkhani ina: ekizozi yotseguka imasintha mmene turbo ikupopera, choncho musaike popanda kufunsa za pulogalamu yake.

Kuika kwake

Can ndi ntchito ya ola limodzi ngati zonse zikuyenda. Injini ikhale yozizira. Chotsani chipulasitiki cha kumbali, kawirikawiri cha kudzanja lamanja, ndipo jambulani ndi foni musanagwire kanthu, chifukwa masipuling'i amasiyana kutalika ndipo mudzaiwala kuti iti inali pati. Ekizozi ya two-stroke imagwiridwa ndi masipuling'i kuti izitha kugwedera pamodzi ndi injini, ndipo ndi olimba modabwitsa. Gulani kangowe kokokera masipuling'i. Ine ulendo woyamba ndinagwiritsa ntchito pulayasi. Sipuling'i inapulumuka, inandidutsa pafupi ndi diso n'kukagunda chitseko cha galaja, dzanja langa n'kukakhula pa chitsulo mpaka magazi. Ndinaisaka theka la ola ndili chogwada pa simenti yozizira, n'kukaipeza m'nsapato ya mwana. Valani magalasi.

Pamene paipi ikumana ndi can pali gasiketi yozungulira ngati donasi, yopangidwa ndi graphite. Ikakhala yophwanyika ikani ina, chifukwa pakadontha utsi umadzaza m'kati mwa mapulasitiki, injini n'kumaupumanso, ndipo mumapeza oyilo wakuda atamwazika paliponse. Pa Ski-Doo zambiri za E-TEC sensa yoyeza kutentha imakhala pa can penipenipo. Imasuleni mofatsa osapotokola waya wake, ipakeni mafuta oletsa kugwirana pa mazinga, muibwezere pa can yatsopano. Can yopanda bowo la sensa pa makina amene amaifuna musaigule. Anthu ambiri amathiranso silicone yopirira moto m'kati mwa masipuling'i kuti asamanjenjemere mpaka kuthyoka.

Chimene ndinachinyozera ine ndi mpata. Can imene ndinagula kwa munthu wina pa intaneti inalowa bwinobwino, koma kukamwa kwake sikunalunjike pakati pa bowo la pansi, kunatsamira pulasitiki pang'ono chabe. Nditayenda makilomita ngati 40 ndinamva fungo ngati la jumbo yoponyedwa pa mbaula. Nditaima ndinapeza pulasitiki ikudontha ngati kandulo, pafupi ndi waya. Ndinaifotsera chipale ndi manja n'kubwerera pang'onopang'ono. Choncho mukamanga, pisani chala kuzungulira can yonse, muonetsetse kuti siikukhudza pulasitiki, waya kapena paipi ya mabuleki, ndipo matani tepi yonyezimira yotchinga moto paliponse pamene mpata wachepa. Ngati mumayenda m'chipale chakuya, onaninso kuti kachitsulo kotchinga kukamwa kwa ekizozi kalipo, chifukwa chipale chikatseka bowolo injini imatsamwa pamene mukuifunitsitsa.

Kuliza koyamba kuchitikire panja, kapena chitseko cha galaja chili chotsegula kwathunthu, poti utsi umenewu umapha mwakachetechete. Isiyeni itenthe, yang'anani ngati pali podontha, yendani pang'ono, imani muyang'anenso. Mukatero ndiye mupite pa njira yowongoka imene mukuidziwa rpm yake yakale, mufananize.

Za walanti, ku America lamulo la Magnuson-Moss la 1975 limaletsa kampani kukana walanti yonse chifukwa choti mwaika chitsulo cha kampani ina, koma ikasonyeza kuti chitsulocho ndicho chawononga, ndalama mulipira nokha. Lamulo limenelo silifika ku Canada. Ndi paipi ndi pulogalamu yosinthidwa, pisitoni ikapsa musayembekezere chifundo kulikonse. Ndipo can ya ku fakitale musaitaye kapena kuigulitsa. Mudzaifuna pogulitsa makinawo, ngakhalenso tsiku limene anzanu adzati tiyeni ku Quebec.

Pa makina amene ndili nawo pano ndinabwezerapo ya ku fakitale, poti ulendo wanga ndi wa m'njira za kalabu, zodutsa kuseri kwa makola a anthu. Ikanakhala kuti ndimakhala ku Revelstoke ndikanaika can yopepuka ya trail, yachete kuposa zonse zimene ndingapeze, n'kusiya paipi mpaka walanti itatha. Ija inasungunula pulasitiki ili pa msomali m'galaja, ndipo mnyamata wa nyumba yoyandikana nafe wandifunsa kale kawiri kuti ndimugulitse bwanji.